Amene Anapsereza Mbande

"Ndiye mukuti mbande zapsa chifukwa cha ine?"

Lefina anafunsa ali chiimire, tsache lili m'manja, koma kusesa anali atasiya kale. Mwamuna wake Masautso anakhala pa chigubu chopanda madzi pakhomo la nyumba yawo yaudzu, nkhope ili pansi, akutokosa mng'alu wa kuchidendene ngati kuti yankho labisala mmenemo.

"Sindine ndanena, mayi a Gladness. Akunena ndi anthu."

"Anthu ake ati? Atchuleni. Pa esiteti pano palibe munthu wopanda dzina."

"Ndanena ndine, mlamu."

Mawuwa anachokera pakhonde, pamene Anesi, mlongo wake wamkulu wa Masautso, ankasankha nyemba za phoso pa lichero. Anesi anali namfedwa, mayi wa Mvano, ndipo anachoka kwawo ku Phalombe kudzathandiza pa fodya kuno kwa Wimbe. Thandizo lake lambiri linali la pakamwa.

"Fodya si chimanga," anapitiriza osadzutsa mutu. "Fodya ali pa nazale ndi khanda. Munthu wotentha akangolowa mumpanda, mbande zimapsa. Zimenezi sitinaziyambe ife. Mchimwene wangayu chifesereni mbewu akugona pamphasa yakeyake, mwambo akusunga, ine ndikuona. Wothirira ndinu nokha. Mabedi atatu onse apsa ngati wina wadutsitsa muuni. Nanga moto umenewu wachokera kuti, ngati simunakautenge kwa mwamuna wina?"

"Wachokera mumgolo, alamu. Ndanena kangati? Zimene achimwene anu akutunga si madzi othirira."

"Madzi omwewo akuthirira nazale ya bwana, ili biriwiri," anatero Masautso.

"Anyamata a bwana amatunga pa mpopi. Inu mukutunga padziwe lakuda."

"Fakitale ndi imodzi."

"Ng'ombenso ndi imodzi, koma mkaka ndi ndowe sizituluka malo amodzi."

Masautso anatsala pang'ono kuseka, koma anakumbukira msanga kuti wakwiya.

Chaka chimenecho damu la pa esiteti linauma nthawi yofesa isanakwane. Chimene chinapulumutsa alimi chinali fakitale yaing'ono kuseri kwa zigafa, m'mbali mwa msewu wopita ku Mtunthama. Inkagula makaka a chinangwa ndi madeya n'kuphika mafuta a mbaula, oyera mbee, amene amuna a pa esiteti ankawatcha kachasu wosamwa, ndipo ankawatchula ndi chisoni chenicheni. Madzi otsala pophikapo ankatuluka m'paipi ali otentha, akuda bii, akununkha ngati masese ogonera, n'kugwera m'dziwe loyamba. Kuchoka apo ankalowa m'thanki yovindikira, mmene ankawira okha n'kutulutsa mpweya woyaka umene a fakitale ankasonkhezera moto wawo. Kenako ankadekha m'dziwe lina, n'kusefeka pang'onopang'ono m'bango ndi mumchenga, mpaka kukatulukira pa mpopi kumunsi ali mbuu ngati tiyi wa masamba obwereza. Madzi ena ankabwerera m'fakitale kukagwira ntchito. Otsalawo a fakitale anauza matenanti kuti azitunga mwaulere, azithirira nazale, koma kumwa ayi.

Vuto linali mawu akuti mwaulere. Tenanti anaphunzira kalekale kuti chimene wapatsidwa mwaulere ndi chimene eni ake achitaya. Masautso atayang'ana madzi a pa mpopi, n'kuwanunkhiza osamva kanthu, anatsimikiza kuti a fakitale achotsamo mphamvu zonse, amphawi awapatsa zosukuluka. Iye anali mlimi wokhulupirira mphuno yake. Manyowa a nkhuku amanunkha, fetereza amalasa m'mphuno, ndiye madzi osanunkha angadyetse chiyani? Dziwe loyamba linalibe mpanda, linali pafupi, komanso kunalibe mzere. Mbande zake zitangophuka, iye anayamba kumangirira zigubu panjinga n'kukatunga akudawo, kusakaniza mumgolo wa pa nazale, ati kuzidyetsa. Masiku oyamba mbande zinada bwino, iye n'kumayenda chifuwa chili patsogolo. Kenako masamba anayamba kupsa m'mphepete, ndipo mlandu unafuna mwini wake.

"Komanso zoti madzi ndi oipa wakuuzani ndani?" anafunsa Anesi, tsopano atadzutsa mutu. "Si mwamuna wa majombo uja?"

"Ndinakafunsa a Prosper, amene amayang'anira maiwewo. Masana, anthu akuona."

"Akuonadi. Mnzanu Feliya anakuonani m'bango muli awiriwiri, mano onse ali pamtunda."

"Ndinaseka chifukwa anati m'dziwe limenelo ngakhale chule amakana kukhalamo. Anandiuza kuti madzi ake ndi owawasa, ali ndi mchere wambiri, amaotcha mizu. N'chifukwa chake amawayendetsa njira yonse ija asanatipatse. Anati tisayerekeze n'komwe. Ndinabwera kudzakuuzani tsiku lomwelo, bambo a Gladness. Ndikanakhala ndi chobisa, ndikanamutchula?"

"Iwe, mkazi wa mwini, kukafunsa nzeru za fodya kwa munthu amene sanasokepo tsamba ngakhale limodzi," anatero Masautso motsitsa mawu. "Ine ndili pompano."

Apa ndiye panali bala lenileni. Za chigololo mwina Masautso sankazikhulupirira ndi mtima wonse, koma zinali zopepuka kusenza kusiyana ndi kuvomera kuti wapha mbande zake ndi njinga yake yomwe.

Madzulo ake anaitana a Simeon, tenanti wakale wa ku Thyolo amene ankaimira ankhoswe a mabanja onse obwera, poti ankhoswe enieni anali kutali. A Simeon anali munthu wofatsa wosafuna kukhumudwitsa aliyense, choncho zigamulo zawo zinkakhumudwitsa amene ali wofooka. Anamva mbali zonse akugwedeza mutu mofanana.

"Ana anga, ine sindinalowe m'bango, ndipo sindinalowe m'mizu," anatero pomaliza. "Kapitawo wati apereka mbewu ina, yomaliza. Ikalephera, munda wanu apatsa wina. Ndiye tichite chonchi. Mufesenso. Mayi a Gladness asapondemo mumpanda. Azithirira ndi a Anesi, amene tonse tikudziwa kuti ndi ozizira. Zikakula bwino m'manja mwawo, ndiye kuti nkhani yaoneka yokha, ndipo mayi mupite kwanu, akakulangizeni eni ake. Zikapsanso, tikhalanso pansi."

"Ndiye ukwati wanga mwauika m'manja mwa mbande?" anafunsa Lefina.

"Mbande sizinama, mwana wanga."

Lefina analowa m'nyumba, nayala chitenje pansi, naikapo zovala zake, za mwana, ndi mbale ziwiri zimene anachoka nazo kwawo. Anamanga mfundo ndi mkwiyo wonse umene anali nawo, naika mtolowo kuseri kwa chitseko. Gladness, mwana wawo wamkazi amene anali asanayambe sukulu, anaima pambali akuyamwa chala.

"Amayi, tikupita kwa agogo?"

"Tikudikira fodya atiuze."

Masabata otsatira anali owawa. Nkhani inafika kumjigo Lefina asanafike. Akatula ndowa yake pamzere, ndowa zoyandikana zinkasendezedwa pang'ono, mwaulemu, ngati zikupatsa malo mlendo. Akamaliza kupopa, panalibe womutwika. Amayi amene dzulo lake ankabwereka mchere kwa iye ankapeza chochita ndi nkhata zawo, ndipo Lefina ankagwada, kukweza ndowa pabondo, kenako pamutu, madzi akumukhavukira kumsana. Sankalira kumjigo. Ankalira panjira, pamene palibe womuona, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri si amayiwo ayi, koma kuti mwamuna amene anagona naye ndi njala m'maesiteti atatu sanamuikire kumbuyo ngakhale ndi liwu limodzi.

Pofesa, Masautso anatunga madzi a pa mpopi okhaokha, chifukwa ngakhale iye ankadziwa kuti mbewu ya fodya ndi fumbi chabe, siyamba ndi chakudya cholemera. Ndipo mbande zinaphuka. Zinaphuka mokongola, mabedi onse atatu, timasamba tobiriwira tikusuzumira pansi pa udzu wophimbira. Anesi ankathirira akuimba nyimbo za ku Mvano mokweza kuti zimveke mpaka kunyumba.

"Manja oyera saphonya," ankauza aliyense wodutsa. "Bwerani mudzaone nokha."

Lefina ankaona, kudzera m'mipata ya mpanda, akamapita kukamweta udzu wofolerera chigafa. Tsiku lina anadzipeza akulakalaka kuti mbandezo zife. Anachita mantha ndi mtima wake womwe. Mbandezo zinali phoso la chaka chamawa, zinali yunifolomu ya Gladness, zinali denga limene ankagonamo. Koma zikakhala moyo, iye anali wachigololo. Munthu kumuika pamalo otero ndi nkhanza, ngakhale amene wamuikapoyo alankhule mofatsa chotani.

M'mawa wina Lefina anapeza Masautso akumangirira zigubu zakuda mkati zija panjinga.

"Lero tiyamba kuzidyetsa," anatero mwamunayo, akulankhula ndi njinga.

Lefina anaima pakhomo. Anadziwa bwino lomwe kuti akangotseka pakamwa, madziwo amuyeretsa okha. Mbande zipsa m'manja mwa Anesi, dzina lake liyera, ndipo banja lonse lichoka pa esiteti chimanjamanja. Anayesa kukhala chete. Zinamukanika.

"Bambo a Gladness, musatunge kumeneko. Ndagwira mwendo wanu. Zisiyeni zikule ndi madzi a pa mpopi. Zikakula ndipita kwathu monga mwagamula, koma mwanayu adzadya."

Masautso anamuyang'ana kwa nthawi, ndipo china chake chinagwedezeka pankhope yake. Koma Anesi anali atamva.

"Mwaona? Akufuna zikhale zonyentchera kuti tidzati nanenso ndalephera. Pitani, achimwene."

Masautso anakwera njinga.

Nthawi imeneyo kapitawo anali atayamba kutenga amuna onse m'mamawa kukakonza zigafa za bwana, choncho Masautso ankangodzaza mgolo n'kuthamangira kuntchito. Dzuwa la Okutobala ku Kasungu silichita nthabwala. Anesi ankayamba kuthirira bedi loyandikana ndi mgolo, n'kupita lachiwiri, ndipo asanafike lachitatu, la kumpanda, keni yothirira inkagunda pansi pa mgolo. Kupita yekha ku mpopi sakanatha, poti miyendo inali itayamba kale kumuvuta. Kuuza mchimwene wake kuti ntchito yamukulira sakanathanso, poti pakamwa pake panali patalonjeza zambiri. Tsiku loyambalo bedi la kumpanda linagona ndi ludzu.

Lefina analiona litafota. M'mawa mwake anatenga ndowa, natsikira ku mpopi, nabwera kudzatula kunja kwa mpanda, pomwe udzu unali utagwa pang'ono.

"Ndowa imeneyo ndi ya chiyani?" anafunsa Anesi ali mkati.

"Ndi yanga. Khosi landiwawa, ndangotula."

"Musayandikire."

"Sindikuyandikira. Ndikupita kukaona mwana."

Atabwerako anapeza ndowa ili gwaa. Sanafunse. Anaitenga, natsikiranso ku mpopi, ndipo khosi linamuwawanso pamalo omwewo. Linkamuwawa kangapo m'mawa, kangaponso madzulo, tsiku ndi tsiku. Amayi awiriwa sanakambiranepo za nkhaniyi. Kunyumba Anesi ankamunenabe monga kale, mwinanso kuposa kale, koma nyimbo pa nazale zinayamba kuchepa. Lefina anaonanso kuti mlamu wake akumakanda m'miyendo akakhala pansi, ndipo chitenje anayamba kuchimanga chofika m'mapazi.

Loweruka lina amuna anaweruka msanga. Lefina ali pamtondo anamva mawu a mwamuna wake kuchokera ku nazale, mawu a munthu amene wapeza maliro. Pofika iye kumpanda anapeza anthu atasonkhana kale, poti pa esiteti tsoka la mnzako ndilo wailesi. Wina anali atathamangira a Simeon.

Mabedi awiri anali atapsa. Masamba anali ofiirira m'mphepete, opiringizika, ena atagona pansi, ndipo pamwamba pa dothi panali chikhungu chakuda chonyezimira. Bedi la kumpanda linali biriwiri, mbande zili njo, ngati si za nazale yomweyo.

"Analowa," anatero Masautso, osayang'ana mkazi wake. "Ayenera kuti analowa ine kulibe."

"A Anesi, mumakhala muno m'mawa ndi madzulo," anatero a Simeon. "Mayi a Gladness anapondamo?"

Anesi anayang'ana kumwamba, nayang'ana pansi. Kunama pamaso pa gulu, iye mayi wa yunifolomu yoyera, kunamulemera.

"Sanapondemo."

"Ndiye wothirira ndinu nokha?"

"Ndine ndekha."

Kenako Feliya, yemwe uja anaona za m'bango, analankhula monong'ona, koma kunong'ona kwa Feliya kumamveka kutsidya la dambo.

"Kapena a Anesi nawonso ali ndi kumene amapita? Ukalamba wake uti, munthu akuonekabe bwinobwino."

Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje. Mwamuna wina kumbuyo anatsokomola chifuwa chimene analibe. Anesi anasanduka mtundu.

"Ine? Chimwalirireni bambo a kunyumba ine sindinayang'anepo mwamuna. Feliya, pakamwa pako padzakupweteka."

"Pepani mayi," anatero a Simeon, mofatsa monga mwa nthawi zonse. "Koma muyeso tinaika tokha, ndipo munauvomera ndinu. Tinati mbande zikapsa, wotentha ndi wothirira. Zapsa. Muyeso umene tinayezera mlamu wanu sitingauthyole lero chifukwa wafika pa inu. Kapena pali china chimene simunatiuze?"

Anesi anaima pakati pa mabedi, keni ili pamapazi ake, maso a anthu onse ali pa iye. Kwa nthawi yoyamba analawa chimene mlamu wake ankadya tsiku ndi tsiku kumjigo, ndipo sanachipirire ngakhale mphindi zochepa. Anawerama, nakweza chitenje mpaka m'maondo. Miyendo yake inali yofiira, khungu likusupuka m'malo onse amene madzi a mumgolo ankadonthera.

"Onani. Kodi uku ndi kutentha kwa mwamuna? Ndi madzi awa. Andidya miyendo, ndimangobisa. Mabedi awiriwa ndi amene amamwa za mumgolo." Analoza kumpanda. "Bedi ilo silinalawepo. Mgolo unkatha ndisanafike. Lakhala likumwa madzi a pa mpopi."

"Munkakatunga ndinu?" anafunsa Masautso.

"Ndi miyendo iti? Ankasenza ndi mkazi wako. Ankatula apo, ine n'kumatenga."

A Simeon anayenda pang'onopang'ono mpaka pa bedi lobiriwiralo, naliyang'ana, nayang'ana Lefina amene anali chiimire kunja kwa mpanda, manja ali oyera ndi gaga.

"Ndiye kuti bedi lokhalo limene lapulumuka ndi limene lamwa madzi osenzedwa pamutu pa munthu amene tinati ndi wotentha," anatero. "Lowani, mayi."

"Munandiletsa pamaso pa anthu. Mundiloleze pamaso pa anthu."

"Ndikukulolezani. Ndinalakwa kugamula kwake. Lowani."

Lefina analowa. Anayenda mowongoka. Anazula mbande imodzi pa bedi lopsa, ina pa bedi la kumpanda, naziika m'dzanja la mwamuna wake. Ina mizu yake inali yoyera, yambiri ngati ndevu za chimanga. Inayo inali ndi kachitsa kakuda koterera. Masautso anali mlimi, ndipo mizu ankaidziwa kuposa mmene ankadziwira mkazi wake. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita pa mgolo, naukankha ndi phewa mpaka unagubuduka, madzi akuda aja n'kuyenderera kunja kwa mpanda, anthu akudumpha kuteteza mapazi awo.

Mpweya umene Lefina anatulutsa pamenepo unali ngati wausunga kuyambira tsiku la chigamulo. Anakhala pansi m'kanjira ka pakati pa mabedi, ndipo anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Sanasamale kuti Feliya akuona.

Zotsatira zake zinayenda mosavuta kuposa mmene ankaopera. Bedi limodzi silikanakwana munda wonse, koma a Simeon, pofuna kutsuka manyazi awo, anayenda nyumba ndi nyumba kupempha kuti aliyense adzapatule mbande zotsala nthawi yowokera, ndipo palibe anakana. Anapitanso ku fakitale ndi amuna ena awiri kukanena kuti dziwe lopanda mpanda pakati pa anthu osowa madzi ndi msampha. Zinapezeka kuti Masautso sanali yekha. Ena awiri ankatunganso komweko mwakabisira, ndipo mmodzi anali atamenya kale mkazi wake chifukwa cha mbande. Sabata isanathe, Prosper ndi anzake anali akukumba mayenje a nsanamira kuzungulira dziwelo.

Madzulo a Loweruka lomwelo, dzuwa likulowa, Lefina anali pakhonde akupaka mafuta miyendo ya Anesi, amene ankangoyang'ana kumbali ngati miyendoyo ndi ya munthu wina. Masautso anatuluka m'nyumba atanyamula mtolo uja, nauika pafupi ndi mkazi wake.

"Mayi a Gladness, masulani katunduyu. Zatha."

"Zatha?"

"Ndinalakwa. Madzi aja ndi oipa."

"Zoti madzi ndi oipa mwauzidwa ndi mizu. Ine ndikufunsa zina." Anapukuta manja pa chitenje. "Njinga ikanathyoka musanayambe kudyetsa kwanuko, mbande zikanakula bwino m'manja mwa alamu. Mukanatani?"

Masautso anayang'ana mlongo wake, koma kumeneko kunalibe thandizo.

"Ndikanakuperekezani ku Mtunthama kukakwera galimoto," anatero pomaliza, mawu ali pansi.

"Mukanandiperekeza. Ndipo mpaka lero mukanakhala mukuuza anthu kuti munali ndi mkazi wachigololo." Sanakweze mawu. "Ndayamika kuti simunaname. Koma dzina langa silinaipire pakhonde pano. Linaipira kumjigo. Mtolowu ubwerere kuseri kwa chitseko."

M'mawa mwake, anthu asanapite ku tchalitchi, amayi a kumjigo anaona chinthu chimene sanachionepo: Masautso akubwera pambuyo pa mkazi wake, atavala malaya a Lamulungu, Anesi akutsimphina kumbuyo kwawo. Wopopa anasiya kupopa. Masautso anavula chipewa, nachipinda, nachipindanso.

"Amayi, ndabwera kudzanena kuti mbande zanga ndinapsereza ndine, kawiri konse, ndi madzi a padziwe lakuda. Mkazi wangayu anandiletsa, ine osamva. Zimene munamva za iye zinachokera m'nyumba mwanga, ndipo ndi bodza."

"Zinachokera pakamwa panga," anawonjeza Anesi, mokakamizika ngati akumeza mankhwala owawa. "Ndazibweza."

"Ife timadziwa kale kuti mayi a Gladness si otero," anatero Feliya, ndipo amayi onse anavomereza mwamphamvu, monga amachitira anthu amene akufuna kuti dzulo liiwalike msanga.

Lefina sanawatsutse. Anapopa ndowa yake mpaka kudzaza, napinda nkhata. Asanagwade, manja anayi anali atagwira kale ndowayo, a Feliya mbali ina, a Anesi mbali ina. Inakwera pamutu mopepuka, osatayika ngakhale dontho, ndipo ulendo wobwerera kunyumba unamufupikira.

Atatula madzi, anakoka mtolo kuseri kwa chitseko n'kukhala nawo pamphasa. Mfundo ija inali italimba ngati mwala. Anayesa ndi zala, anayesa ndi mano, Gladness akumuthandiza kukoka mbali yolakwika. Masautso, amene tsopano ankafunitsitsa kukhala wothandiza, anabwera ndi mpeni.

"Ndidule?"

"Musadule. Ndinamanga ndekha, ndimasula ndekha."

Inatenga nthawi, koma inamasuka. Anabweza zovala pa chingwe, mbale ziwiri zija pa thandala. Chitenjecho anachikung'untha, nachimanga m'chiuno, natenga keni imene inali pakhonde.

"Tchalitchi chiyamba posachedwa," anatero Masautso.

"Chiyambe. Mbande sizinamwe."

Anatsikira ku mpopi, mwamuna wake akukankha njinga pambuyo pake, zigubu zotsukidwa zikugundana.